Mbiri ya Malonda a Magitala Akale Amagetsi

Malonda a magitala akale amagetsi adayambira ku America ndi ku Britain m'zaka za m'ma 1960. Katundu amene amafunidwa kwambiri pamsikawu ndi magitala amene makampani a Fender, Gibson, Gretsch ndi Rickenbacker adapanga kuyambira cha m'ma 1950 kufika pakati pa zaka za m'ma 1960. Poyamba adali magitala ogwiritsidwa kale ntchito basi, ndipo ankagulidwa motsika mtengo poyerekeza ndi atsopano. Lero ena mwa iwo amagulitsidwa mamiliyoni a madola, ndipo pali masitolo, magazini, misika ya pachaka ndi akatswiri oyeza magitala amene amadyera malonda amenewa. Pa zaka zonsezi, chimene wogula amalipirira chakhala chikusintha. Oyambirira ankafuna kamvekedwe. Otsatira ankafuna gitala yosasinthidwa kalikonse chichokereni ku fakitale. Masiku ano ndalama zambiri zimatsata dzina la woimba amene adaigwirapo.

Magitala amene adabala msika

Gitala yamagetsi yoyamba kugulitsidwa mochuluka idatuluka ku Los Angeles mu 1932, ndipo adaikonza ndi George Beauchamp mogwirizana ndi Adolph Rickenbacker. Chinsinsi chake chidali kachipangizo kotchedwa pickup, komwe ndi maginito okulungidwa ndi waya wopyapyala wa kopa. Nsambo zachitsulo zikanjenjemera pamwamba pake, kamatulutsa mphamvu yochepa yamagetsi imene ampulifaya imaikuza kukhala mawu. Mu 1936 kampani ya Gibson, ya ku Kalamazoo m'chigawo cha Michigan, idatulutsa ES-150, imene idatchuka m'manja mwa Charlie Christian. Gitalayi idali ya mphako mkati, choncho ikakwezedwa kwambiri inkalira mosokosa.

Vuto limeneli lidatha ndi gitala ya thabwa lopanda mphako. Leo Fender, yemwe adali wokonza mawailesi ku Fullerton m'chigawo cha California, adayamba kugulitsa gitala yotere mu 1950 pa dzina loti Broadcaster. Kampani ya Gretsch idadandaula chifukwa idali kale ndi ng'oma za dzina lofanana nalo, ndipo mu 1951 gitalayo idatchedwa Telecaster. Pakati pa mayina awiriwa padatuluka magitala ochepa opanda dzina lililonse kupatula la kampani, amene ogula a lero amawasakasaka. Stratocaster idatsatira mu 1954. Fender ankaganiza ngati mmisiri wa makina: khosi la gitala ankalimanga ku thupi ndi mabawuti anayi, kuti likawonongeka lichotsedwe n'kuikapo lina. Nzeru imeneyi idapeputsa ntchito pa fakitale, koma patapita zaka idadzapeputsanso ntchito ya anthu achinyengo.

Gibson idayankha mu 1952 ndi gitala yotchedwa Les Paul, ya thupi la mahogany, pamwamba pake pali thabwa la maple, khosi lomata ndi guluu. Mu 1957 idaikamo pickup yatsopano ya Seth Lover, imene inkaletsa phokoso la magetsi. Pansi pa ma pickup amenewa pankamatidwa kachizindikiro kosonyeza kuti kampani idapempha kale umwini wa lusoli, n'chifukwa chake ogula amawatchula kuti PAF. Mu 1958 utoto wagolide udasiyidwa, m'malo mwake thabwa la maple lidayamba kuonekera, lachikasu pakati, lofiira m'mbali. Magitala a mtundu umenewu, opangidwa kuyambira 1958 mpaka 1960, adalipo pafupifupi 1,700 okha, ndipo iliyonse inkagulidwa madola osakwana 300. Sadayende malonda. Anthu ankati ndi olemera komanso achikale, ndipo pofika 1961 Gibson idawasiya n'kutulutsa mtundu wina wopepuka umene udadzatchedwa SG. Flying V ya 1958 idakanidwa koposa: m'zaka zake ziwiri zoyamba sidafike ngakhale 100.

Oimba ayamba kusaka zakale

Amene adatembenuza zinthu ndi achinyamata oimba blues. Keith Richards wa gulu la Rolling Stones adali ndi Les Paul ya 1959 paulendo wake wa ku America mu 1964. Mu 1966 Eric Clapton adajambula chimbale ndi gulu la John Mayall, Bluesbreakers, akuimba Les Paul yakale yolumikizidwa ku ampulifaya ya Marshall yokwezedwa mpaka pamapeto. Mawu ake adali onenepa, okhalitsa nsambo ikakhudzidwa kamodzi, ndipo oimba ambiri a ku London adafuna kumveka chimodzimodzi. Peter Green, Jeff Beck ndi Jimmy Page adapeza zawo, ndipo ku America Mike Bloomfield adakopa anthu mwa njira yomweyo. Gitala ya Clapton ija idabedwa chaka chomwecho ndipo siidabwezedwe kwa mwini wake.

Popeza fakitale idali itasiya kupanga mtundu umenewu, woufuna ankayenera kuusaka m'masitolo a pinyolo, m'timalonda ta m'manyuzipepala ndi m'nyumba za anthu amene adagula gitala n'kuiiwala pansi pa bedi. Kwa nthawi yoyamba, gitala yamagetsi yogwiritsidwa kale ntchito idayamba kudula kuposa mmene idagulidwira ili yatsopano. Gibson idaona zimenezi ndipo mu 1968 idabwezeretsa Les Paul, koma idatulutsa yagolide ndi yakuda, osati ya maple woonekera imene anthu ankailira. Njala ya zakale idangokulirakulira.

Makampani apita m'manja mwa eni ena

Chifukwa china chimene chidakulitsa njala imeneyi chidachokera kumafakitale. Mu Januwale 1965 Leo Fender adagulitsa kampani yake ku kampani ya CBS pamtengo wa madola 13 miliyoni. Gretsch idagulidwa ndi Baldwin mu 1967, ndipo mu 1969 Gibson idalowa m'manja mwa kampani imene idadzatchedwa Norlin. Eni atsopanowa ankafuna kupanga magitala ambiri pa ndalama zochepa. Ku Fender mutu wa Stratocaster udakulitsidwa, vanishi wopyapyala wa nitrocellulose adalowedwa m'malo ndi wokhuthala wa polyester, ndipo mu 1971 khosi lidayamba kumangidwa ndi mabawuti atatu. Ku Gibson thupi la Les Paul lidayamba kupangidwa ndi matabwa omatikiza, khosi nalonso la zidutswa zingapo. Magitala ambiri a m'ma 1970 adali olemera, ndipo kalumikizidwe kake sikadali kofanana nthawi zonse.

Oimba adayamba kugawa mbiri ya Fender pawiri, CBS isanabwere ndi itabwera, ndipo mpaka lero chaka cha 1965 ndi malire a mitengo. Komabe malirewa sanena zonse za kamvekedwe. Jimi Hendrix ankaimba ma Stratocaster atsopano a nthawi ya CBS, ndipo imene adaimba pa chikondwerero cha nyimbo cha Woodstock mu 1969 idali ya 1968. Chimene malirewa adachita n'kupatsa ogula ndi ogulitsa muyeso wosavuta wogwirizanirana mtengo.

Masitolo oyamba ndi mabuku

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 msika udali usanakhazikike, ndipo ma Stratocaster a m'ma 1950 ankapezekabe ngati kaunjika. Mu 1970 Clapton adagula asanu ndi imodzi m'sitolo ya Sho-Bud ku Nashville pamtengo wotsika kwambiri. Atatu adapatsa George Harrison, Pete Townshend ndi Steve Winwood, ndipo pa atatu otsalawo adasankha ziwalo zabwino n'kumanga gitala imodzi imene adaitcha Blackie. Palibe amene adaona cholakwika pophwasula magitala akale motero, chifukwa adali zida zogwirira ntchito.

Chaka chomwecho George Gruhn, pamodzi ndi Tut Taylor ndi Randy Wood, adatsegula sitolo ya zoimbira zakale ku Nashville, imene idadzakhala Gruhn Guitars. Mandolin Brothers idatsegulidwa ku Staten Island mu 1971, Elderly Instruments ku Michigan mu 1972, ndipo Norman Harris adatsegula Norman's Rare Guitars kufupi ndi Los Angeles mu 1975. Ku New York ogula ankakumana pa 48th Street, ku London pa Denmark Street. Amalondawa ankatumiza mndandanda wa katundu wawo pa positi, ndipo mndandandawo ndiwo udayamba kukhazikitsa mitengo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kudayamba msika wa pachaka wa magitala ku Dallas, komwe ogulitsa ochokera kutali ankayala katundu wawo m'holo imodzi.

Mafakitale sadasunge bwino mbiri ya zimene ankapanga, choncho amalonda ndi olemba adaisonkhanitsa okha poyerekeza magitala ambirimbiri. Buku la Tom Wheeler lotchedwa American Guitars lidatuluka mu 1982, mabuku a André Duchossoir adafotokoza kusintha kwa Fender ndi Gibson chaka ndi chaka, ndipo mu 1991 Gruhn ndi Walter Carter adatulutsa Gruhn's Guide to Vintage Guitars. Mabukuwa adasintha malonda. Wogula tsopano ankatha kudziwa kuti chiwalo chakuti chidayamba chaka chakuti, ndipo gitala iliyonse idayamba kuweruzidwa poiyerekeza ndi mmene idayenera kukhalira tsiku limene idatuluka pa fakitale.

Pa nthawi yomweyo oimba ambiri ankasinthabe magitala awo. Ankachotsa ma pickup akale n'kuikamo amphamvu a DiMarzio, ankapala utoto kuti thabwa lioneke, ena ankaboola thupi kuti aikemo zitsulo zamakono. Gitala iliyonse yosinthidwa inkachepetsa chiwerengero cha zosakhudzidwa, ndipo mtengo wa zotsalazo unkakwera.

Japan ndi kutsanzira zakale

M'zaka za m'ma 1970 mafakitale a ku Japan adayamba kutsanzira magitala a ku America. Mu 1977 eni a Gibson adasumira kampani imene inkagulitsa magitala a Ibanez ku America chifukwa cha kaumbidwe ka mutu wa gitala. Tokai ndi Greco sankatsanzira magitala atsopano a nthawiyo, koma a m'ma 1950, ndipo ankawatsanzira mosamala kwambiri. Zimenezi zidatsegula maso makampani a ku America. Mu 1982 Fender idakhazikitsa nthambi ku Japan ndipo idayambanso kupanga ma Stratocaster ndi ma Telecaster motengera akale. Mu 1985 akuluakulu a Fender, motsogozedwa ndi Bill Schultz, adaigula kwa CBS, ndipo Gibson idachoka m'manja mwa Norlin mu 1986. M'zaka zomwezo ogula olemera a ku Japan adatenga magitala akale ambiri a ku America, zimene zidakwezanso mitengo.

Kutsanzira kudafika pachimake mu 1995, pamene Fender idayamba kugulitsa magitala atsopano okalambitsidwa dala, otchedwa Relic: utoto wokandika, zitsulo zadzimbiri, khosi looneka ngati lagwiridwa zaka zambiri. Gibson nayo idadzachita chimodzimodzi pogwiritsa ntchito luso la Tom Murphy. Makampaniwa sanamiza munthu, chifukwa amanena poyera kuti gitalayo ndi yatsopano. Koma luso lokalambitsa thabwa ndi utoto lidafalikira, ndipo maonekedwe okha adaleka kukhala umboni wa zaka.

Kayezedwe ka gitala yakale

Kugula gitala yakale kudasanduka ntchito yofufuza. Choyamba ndi nambala ya ku fakitale. Pa Les Paul ya m'ma 1950 nambalayi idadindidwa ndi inki kuseri kwa mutu, ndipo chiwerengero choyamba chimasonyeza chaka. Koma nambala payokha siyokwanira. Gibson idabwereza manambala ena m'zaka za m'ma 1960, pomwe pa magitala ambiri a Fender nambala ili pa kachitsulo komangira khosi, kamene munthu aliyense akhoza kukasamutsa. Choncho woyeza amamasula khosi kuti aone deti limene amisiri ankalemba kumapeto kwake, ndi pensulo mpaka 1962, kenako ndi chidindo.

Umboni wina uli pa tizipangizo tokwezera ndi kutsitsira mawu. Makampani otipanga ankadindapo manambala osonyeza kampani, chaka ndi sabata. Mwachitsanzo, 1376542 ikutanthauza kampani ya CTS, chaka cha 1965, sabata la 42. Ngati kachipangizoko sikadasinthidwepo, gitalayo singakhale yakale kuposa sabata limenelo. Kuti adziwe ngati kadasinthidwa, woyeza amayang'ana mtovu wolumikizira mawaya: wa ku fakitale umaoneka wothimbirira ndi wosasokonezedwa, pomwe wowotcheredwanso umadziwika. Utoto amauunika m'chipinda chamdima ndi nyali ya ultraviolet, chifukwa vanishi wakale amawala mosiyana ndi wopakidwa posachedwa, ndipo pamene padakonzedwa pamaonekera ngati chigamba.

Chilichonse chopezeka chimakhudza mtengo. Gitala yopakidwanso utoto kawirikawiri imatsika ndi theka, ngakhale kamvekedwe kake kakhale kosasintha. Chimodzimodzi Gibson yothyoka mutu, ngozi imene imachitikachitika chifukwa mutuwo ndi wopendekera kumbuyo ndipo thabwa ndi lopyapyala pamenepo. Pickup yokulungidwanso waya, zomangira nsambo zosinthidwa ndi kusowa kwa bokosi lake loyambirira, zonse zimachotsa ndalama. Mbali inayo, utoto wosowa umawonjezera. Fender inkapaka magitala ena utoto wa magalimoto, monga Fiesta Red ndi Lake Placid Blue, kwa wogula wowonjezera 5 peresenti pamtengo, ndipo lero magitala amenewo amadula kwambiri kuposa anzawo a chaka chomwecho. Pa Les Paul ya 1958 ndi 1959 utoto wofiira unkasuluka ndi dzuwa, kotero iliyonse ili ndi maonekedwe akeake, ndipo ogula amalipira kwambiri thabwa la maple la mizere yowala.

Motero msika udagawika pawiri. Osonkhanitsa magitala amafuna yosakhudzidwa ndipo kawirikawiri saiimba pagulu. Oimba amasaka yokonzedwapo kapena yopakidwanso, imene imamveka ngati inzake koma pamtengo wofikirika.

Pamene pali ndalama zambiri sipalephera achinyengo. Ena amaphwasula Fender imodzi yeniyeni n'kugawa ziwalo zake pa magitala awiri kapena atatu, iliyonse n'kuigulitsa ngati yakale. Ena amatenga Les Paul yagolide ya kumayambiriro kwa m'ma 1950, yomwe ndi yotsikirapo mtengo, n'kuisandutsa ya 1959. Enanso amapaka utoto wosowa pa thupi wamba. N'chifukwa chake malisiti akale, zithunzi za mwini woyamba ali ndi gitalayo ndi kalata ya katswiri wodziwika zimayenda limodzi ndi gitala yodula, ndipo masitolo okhazikika amapatsa wogula masiku oti akaiyezetse kwina asanatsirize malonda.

Malamulo a matabwa

Magitala ambiri a nthawi imeneyo ali ndi thabwa la rosewood wa ku Brazil pamene zala zimapondereza nsambo. Mtengo umenewu udadulidwa mopitirira muyeso, ndipo mu 1992 udaikidwa pa mndandanda wokhwimitsitsa wa pangano la CITES, loteteza zomera ndi nyama zimene zili pangozi yakutha. Kuyambira pamenepo, kugulitsa gitala yotere kunja kwa dziko kumafuna chikalata chotsimikizira kuti idapangidwa lamulolo lisanayambe. Mu Januwale 2017 malamulo adakhudza mitengo yonse ya mtundu wa Dalbergia, womwe ndi mtundu wa phingo wa kuno kwathu, ndipo malonda a magitala odutsa malire adavuta kwambiri. Kumapeto kwa 2019 zoimbira zidachotsedwa pa lamulo latsopanolo, koma la rosewood wa ku Brazil lidakalipo.

Okushoni ndi dzina la woimba

Gawo lachitatu la mbiriyi lidabwera ndi makampani akuluakulu a okushoni. Mu 1990 Stratocaster ya Hendrix ya ku Woodstock idagulidwa mapaundi 198,000 ku Sotheby's. Mu 2004 Blackie idagulidwa madola 959,500 ku Christie's, pa okushoni yothandiza malo osamalira anthu ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo amene Clapton adakhazikitsa ku Antigua. Pamiyeso ya osonkhanitsa, gitala yomangidwa ndi ziwalo za magitala atatu ndi yotsika mtengo, koma apa dzina lidaposa miyeso yonse. Stratocaster imene Bob Dylan adaimba pa chikondwerero cha nyimbo cha ku Newport mu 1965 idagulidwa madola 965,000 mu 2013. Mu 2019 Stratocaster yakuda ya David Gilmour wa Pink Floyd, yopangidwa m'nthawi ya CBS ndiponso yosinthidwa khosi ndi ma pickup kangapo, idafika madola 3,975,000.

Magitala opanda dzina la woimba nawo adakwera kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene anthu amene adakula akumvera nyimbo za m'ma 1960 adafika msinkhu wokhala ndi chuma, ndipo ena adayamba kugula magitala monga njira yosungira ndalama. Les Paul ya 1959 yosakhudzidwa idapitirira madola 200,000. Mavuto azachuma a mu 2008 adagwetsa mitengo, ndipo padapita zaka kuti idzukenso.

Magitala otsika mtengo ndi intaneti

Kukwera kwa mitengo kudakankhira oimba achinyamata ku magitala amene osonkhanitsa ankawanyoza. Jazzmaster ya 1958, Jaguar ya 1962 ndi Mustang ya 1964, zonse za Fender, zidadzaza masitolo a pinyolo m'ma 1970 ndi m'ma 1980, ndipo oimba ngati Tom Verlaine, Elvis Costello, gulu la Sonic Youth ndi Kurt Cobain adazitenga chifukwa zidali zotchipa. Jack White adatchukitsa Airline yofiira, gitala imene kale inkagulitsidwa ndi sitolo ya Montgomery Ward. Zomwe zidachitikira Les Paul zidabwerezeka: gitala yokanidwa ikamveka pa chimbale chotchuka, mtengo wake umakwera. Mustang imene Cobain adaimba mu kanema wa nyimbo ya Smells Like Teen Spirit idagulidwa madola oposa 4 miliyoni mu 2022. Magitala a Harmony, Kay, Danelectro, Silvertone ndi Teisco, ngakhale a Fender ndi Gibson a m'ma 1970 amene kunyozedwa kwawo kudakulitsa msikawu, onse ali ndi ogula awo tsopano.

Intaneti idasintha njira yogulira. Kampani ya eBay, imene idayamba mu 1995, ndi Reverb, imene David Kalt adaikhazikitsa ku Chicago mu 2013, zidachititsa kuti aliyense aone mitengo imene magitala agulitsidwira. Mwayi wopeza gitala yamtengo wapatali kwa munthu wosadziwa chimene ali nacho udachepa kwambiri, pomwe kugula chinthu chosachigwira m'manja kudachuluka. Wogula wa masiku ano amapempha zithunzi za kumapeto kwa khosi, za pansi pa ma pickup ndi za mawaya, amafunsa kulemera kwa gitalayo ndi mndandanda wa zonse zimene zidakonzedwapo, ndipo ngati ikudutsa malire a dziko amatsimikiza kaye za zikalata za matabwa. Pa magitala odula kwambiri malonda amadutsabe kwa amalonda odziwika, chifukwa iwo ndiwo amalemba kalata yotsimikizira chaka ndi ziwalo, ndiponso amabweza ndalama gitalayo ikapezeka kuti si imene idanenedwa.